Katipoti ka Glenys

"Usakhudze!" anakuwa Desmond, mlongo wake atangogwira chitseko cha kabati. Kenako anaseka, poti anayankhula ndendende ngati mayi awo, amene anali atawaika m'manda dzulo lake.

Glenys anabweza dzanja ngati wagwira moto. Munthu wa imvi zake, koma anachita manyazi ngati kamwana.

M'kabatimo munali timakapu ndi timbale tadothi takalekale, tosindikizidwa zithunzi zabuluu, timene akale a m'tauni ino ya Burslem ankaumbira ana kuti azisewera nato. Malemuwo, Mayi Tunnicliffe, anatisonkhanitsa moyo wawo wonse, koma ana awo ankangotionera pagalasi. Glenys anayesapo kusewera nato ali wamng'ono. Katipoti kanamupulumuka, mlomo wake n'kuthyoka, ndipo kuyambira tsikulo mayi ake sanamukumbatirenso.

"Mayi anati zonsezi n'zanga," anatero Desmond. "Iwe anakusiyira kamodzi. Ukukadziwa."

Glenys anayamba kukafunafuna ndi maso, poti panali patapita zaka zambiri asanapondemo m'nyumbamo. Chilichonse chong'aluka Mayi ankachitumiza kwa mmisiri, chinkabwera ngati chatsopano. Ngati katipoti kajanso anakamatitsa, ndiye kuti anamukhululukira mwakachetechete. Glenys sankafuna china m'nyumbamo. Kanali apo pashelefu yapakati, mlomo utaloza kukhoma, ndipo kankaoneka kabwinobwino.

Desmond anakatulutsa n'kumuika m'manja. Mlomo unali chithyokere. M'kati munalira kanthu, ndipo Glenys atavundukula anapeza kachidutswa kaja.

"Sikanatayike?" anafunsa.

"Akataye ndani? Mmisiri uja anawachonderera kuti akamate ulere, iwo anakana. Mlendo aliyense ankayamba waona kameneka asanamwe tiyi. 'Aka anaswa Glenys wanga.' Ngakhale namwino amene ankawasambitsa amakudziwa, iwe. Ndiwe wotchuka!"

"Iwe unkangoonerera?"

"Ndikanatani? Ine sindinaswe kanthu."

Misozi inamufika Glenys, ndipo anadzida chifukwa cholira pamaso pa Desmond. Anabwezera katipotiko pashelefu, mlomo kukhoma, n'kutenga chikhoti chake.

"Tenga cholowa chako, mayi," Desmond anamuseka.

"Kasunge."

Ali pakhomo anacheuka. Desmond anali akutseka kabati, akuimba kamluzu. Asanakhome anaima, n'kulowetsanso dzanja osaganiza n'komwe. Anakatembenuza katipotiko ndi zala ziwiri mpaka pothyokapo panaloza kukhomo, monga ankachitira mayi awo m'mawa uliwonse akatha kupukuta fumbi.