Mkono Wamanzere

Nditangolemba mayeso omaliza, mabuku ndinawakankhira kunsi kwa bedi n'kuuza aliyense kuti chilimwe chino ndiuluka. Kulumpha m'ndege ndi parachuti ndinayamba kalekale, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, kukalabu yathu kunja kwa Almaty. Koma kumeneko n'kugwa chabe. Ine ndinkafuna chovala cha mapiko, chija nsalu yake imalumikiza mkono ndi nthiti, mwendo ndi mwendo, munthu n'kumayandama chopingasa ngati kabawi. Ndinkafunanso kuuluka pambali pa Dias, mnyamata wa chovala chobiriwira amene ankandiseka pa chilichonse.

Nthawi ndiyo inali yochepa. Mu Seputembala ndinayenera kupita kukoleji ku Astana, ndipo wondivomereza kuvala mapikowo anali mmodzi yekha, mphunzitsi wathu wa kukalabu, mayi Raushan-apai.

"Timikono timeneti, Zere?" anatero akundifinya paphewa. "Mphepo ya kumwamba si mbale wako. Ikakoka mapikowo mikono n'kulema, parachuti udzatsegula ndi mano?"

Anandibwereka kampira kofanana ndi apozi kukula kwake, m'kati muli gudumu lolemera. Umakoka kachingwe, gudumulo n'kuyamba kuzungulira, iwe n'kumapukusa dzanja mkono uli chitambasulire. Likathamanga, kampirako kamalimbana nawe ngati kamoyo, kufuna kukupulumuka.

Ndinakakonda kampirako. Pabasi ng'wiii, pakhonde ng'wiii, maso ali kumapiri a chipale, mumtima ndili kale pamwamba pake, tsitsi likuuluka, Dias akundiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Njuchi yakoyo itigonthetsa m'kutu," amayi ankadandaula. "Ukanamakanda ufa wa mandasi a baursak ndi mphamvu zimenezi, bwenzi msewu wonse uno ukukhuta."

Chogwirira cha parachuti chimakhala kumbuyo, m'chiuno, mbali ya kumanja. Ndiye ndinaganiza kuti mkono wofunika ndi wamanja. Komanso kumanja kampirako kankalira mokoma, msangamsanga, ndipo ine zochedwa sindigwirizana nazo.

Tsiku loyesedwa ndinafika nditapinda malaya mpaka m'mapewa.

"Patukani, ngwazi yafika!" Dias anakuwa ali pamthunzi wa ndege. "Koma mkono winawo wausiya kunyumba?"

"Udya fumbi langa kumwambako," ndinamuyankha.

Raushan-apai anandigoneka chafufumimba pabenchi, mikono chotambasula, botolo la madzi kudzanja lililonse. Wamanja unangoti nji ngati mtengo. Wamanzere unayamba njenjenje, kutsika, kutsika, mpaka botolo linagunda pansi.

"Dzuka." Sanakweze mawu. "Mbalame ya phiko limodzi unaionapo? Potsegula parachuti mikono yonse imabwerera kumbuyo limodzi, ngakhale wokoka ndi umodzi. Wina ukalema n'kutsalira, uzungulira ngati pepala, zingwe n'kukukulunga. Ndikawauza chiyani amayi ako?"

"Apai, ndiyeseninso mawa!"

"Mawa mkono umera? Loweruka lomaliza la Ogasiti. Ukalephera, tionana chaka chamawa."

Chaka chamawa! Ngati kunena kuti ndikadzakalamba.

Kumanzere kampirako kanandikana. Ndikakoka chingwe, gudumu lizungulire pang'ono, kenako zii. Ndikapukusa mwaukali, kangogogoda m'kati ngati mwala m'chitini. Dzanjalo linali ngati la munthu wina. Tsiku lachitatu ndinakaponya pamphasa n'kulira, tiyi akuzizira patebulo.

Amayi anakatola. Iwo kulumpha kwangaku sanakukondepo. Ndege ikadutsa pamwamba pa nyumba ankalowa m'kati.

"Gwira," anatero. "Ndikoke ndine. Pang'onopang'ono, ngati ukutakasa mkaka. Iwe ukuchita ngati ukupha njoka."

"Amayi, si inu mumati ndisiye zimenezi?"

"Ndikunenabe. Koma poti makutu ulibe, bola ukhale ndi mikono iwiri."

Anakoka. Ndinatakasa mkaka wanga wosaoneka, mano ndili chilumire, ndipo patapita kanthawi kamawu kanayamba, kakang'ono, konyinyirika. Tinayang'anizana. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankandikokera chingwe, mpaka tsiku lina ndinapezeka ndayambitsa ndekha. Phewa linkawawa moti kupesa tsitsi inali nkhondo. Wamanja ndinkaupatsa pang'ono chabe, ngati mwana amene wadya kale.

Loweruka lija Dias sanaseke. Anakhala chonyonyomala kutsogolo kwa benchi n'kumandiuza nkhani zopanda mutu za ngamila ya amalume ake, kuti ndiiwale ululu. Wamanzere unanjenjemera, inde, thukuta likudontha pamphuno, koma botolo silinagunde pansi.

"Basi," anatero Raushan-apai. "Kavale. Cha mapiko chofiiracho, n'chaching'ono, cha ophunzira."

Pakhomo la ndege mphepo inandimenya kumaso. Ndinalumpha mapiko nditatseka monga anandiphunzitsira, kenako ndinatambasula, nsalu n'kudzaza mpweya. Mayo ine! Dziko linasiya kundithamangira, linayamba kudutsa pansi panga, minda yachikasu, msewu, mtsinje wopyapyala ngati ulusi. Raushan-apai anali kumanja kwanga, ndipo chapatali kadontho kobiriwira kankagwedeza mutu. Mapewa ankayaka moto. Nthawi itakwana ndinabweza mikono yonse limodzi n'kukoka. Parachuti inatseguka bwinobwino pamwamba panga, zingwe zili mbee, zosapotana. Ndinakuwa mawu opanda tanthauzo mpaka kummero kunauma.

Pansi ndinathamangira Raushan-apai, miyendo ikukodwa m'nsalu, ndikudikira kuti andikumbatire.

"Ukupendekerabe kumanzere pang'ono," anatero akuvula chipewa. Pakona ya mlomo wake panali kakumwetulira kobisika. "Waimiranji? Pinda parachutiyo msanga, ndege inyamukanso dzuwa lisanapendeke."