Thumba la Kuseri kwa Mgolo

Amuna awo, wofufuta zikopa uja, atangomwalira, Mayi Zikopa anayamba kutsimphina. Zinawazunguza mutu. Ali mtsikana ankatsimphinadi mwendo wamanzere, womwe unali waufupi pang'ono, koma vutolo linatha lokha atakwatiwa, mpaka ankauza aliyense kuti banja ndi mankhwala. Tsopano, m'nsapato zatsopano zimene mwana wawo anawagulira pamaliro, chiuno chinkangoti tsoo.

Posesa m'shedi, kuseri kwa mgolo wa laimu, anapeza thumba. Zotsalira za zikopa sizinali zachilendo, pakuti malemu sankataya kanthu. Wokonza mapampu ankabwera kudzatola zake, wosula ankamatira mvukuto, woweta nkhuku ankamangira chitseko cha khola. Koma iti tinali tina: todulidwa mofanana tonse ngati theka la mwezi, tomatidwa titatutitatu.

Anakafunsa wokonza mapampu. Iye anatembenuza kamodzi, n'kukanunkhiza ngati kuti mphuno imuuza.

"Kalibe bowo aka, mayi. Si kanga."

Mlamu wawo, mlongo wa malemu, yemwe yankho silinkamusowa ngakhale asanamve funso, anawomba m'manja.

"Alamu, tsegulani maso! Munthu wapita, mwendo wayamba, thumba lobisa lapezeka. Achimwene anakuchitani chipongwe. Otchani zimenezi."

"Iwo aja? Oti nkhuku yomwe ankaopa kupha?"

"Mtima wa mnzako ndi tsidya lina."

Mawuwo anawalasa. Anakumbukira kuti akagula nsapato, malemu ankazitenga, amvekere, "Ndikazipake mafuta," n'kukadzitsekera m'shedimo. Amatsekeranji chitseko popaka mafuta? Nanga zaka zonsezi ankakhala ndi munthu wotani? Anachita mantha, manyazi pamwamba.

Anatenga machesi ndi thumba lija. Kudzala kunali matope, choncho anavala nsapato zawo zakale, zong'ambika kuchala. Atafika pakati pa bwalo anaima. Anabwerera mpaka pakhomo, n'kuyambanso. Ankayenda mowongoka bwinobwino, chiuno chili zii.

Anavula nsapato yakumanja, nasuzumiramo, osapeza kanthu. Anavula yakumanzere, nakanganula kansalu ka m'kati. Pachidendene panali katheka ka mwezi komweko, titatu tomatidwa, kakuda ndi thukuta, kophwatalala chifukwa chopondedwa.

Anayang'ana thumba lija. Linali lodzaza mpaka kukamwa, lokwanira nsapato zambiri kuposa zimene munthu angavale. Ndiye kuti ndi zimene malemu ankadula masiku aja ankatsokomola m'shedi, iwo akuwakalipira kuti amakonda zikopa kuposa moyo wawo. Ndipo bamboyo ankangomwetulira akamva za banja kukhala mankhwala.

Mayi Zikopa anakhala pansi m'matope momwemo, thumba lili pamiyendo, misozi ili chuchuchu.

"Mwaotcha?" anafuula mlamu ali pakhonde.

"Alamu," anatero, "tandipatsireni nsapato zatsopano zija. Yakumanzere yokha."