Mtima Wachiwiri wa a Isaya

"Thumbalo musalikhudze, bambo a Tabita," ndinatero. "Tidikire wilibala ya aneba athu a Fanwell."

"Inu mumaopa ngakhale nkhuku ikatsokomola," anayankha a Isaya, amuna anga, uku akuseka.

Chinali chaka cha 2008, m'mashopu muli mbee, ndipo tsikulo chimanga chathandizo chinali chitafika pabwalo ku Mandeya. Mantha angawo sanali achabe ayi. Pamchombo pawo panali chinthu chogunda ngati mtima wachiwiri. Akakhala pansi ndinkachiyang'anitsitsa: du, du, du, malaya n'kumadumpha.

Mdzukulu wathu Miriamu, amene amagwira ntchito ku Joni, anawatengera komweko kukawajambulitsa m'mimba. Madokotala anati mtsempha waukulu wa magazi watupa, wapyapyala ngati chubu chakutha cha njinga. Ntchito ya mwanayu ndi kujambula mapulani a timapaipi ta nsalu ndi waya woonda. Madokotala amatilowetsa kudzera m'mphechepeche, tikafika potupapo n'kutambasuka, magazi n'kumadutsa m'menemo. Koma mtsempha wa agogo akewo unali wokhota, topangiratu tonse sitinakwane.

"Ndikupangirani kanukanu, agogo, mmene telala amayezera munthu," anatero. "Masabata asanu ndi limodzi basi. Musanyamule cholemera, ngakhale ndowa."

Iwo anakana kudikirira ku Joni, ati nthochi zawo zikuwafuna. Masabata asanu ndinawalondalonda ngati mbuzi yozolowera munda wa eni. Khasu ndinabisa. Nkhwangwa ndinakasungitsa kwa mlamu wanga.

Koma pabwalo paja anthu anali kukankhana, wilibala osaoneka. Ndiye a Tobiyasi, mnzawo wa kumunda wa tiyi, anakuwa: "Isaya iwe! Zaka makumi anayi ukubereka dengu la tiyi, lero thumba limodzi mpaka upemphe chilolezo kwa amayi?"

"Bambo a Tabita, chonde, yatsala sabata imodzi yokha!"

A Isaya analiponya thumbalo paphewa. Ndinawatsata pambuyo, maso ali pamsana pawo. Mpaka kumtsinje anatsika bwinobwino. Pachitunda anaima, n'kutula thumbalo pang'onopang'ono, n'kulikhalira.

"Msana," anatero. "China chang'ambika."

Milomo inali itatuwa, thukuta lili lozizira. Ndinaika dzanja pamimba pawo. Inali italimba, ndipo kugunda kuja ndinachita kukufunafuna.

Wilibala ya a Fanwell inafika. Chimanga tinachisiya panjira, n'kukweza iwo. Kumsewu galimoto zinalipo ziwiri, zonse zopanda mafuta. Anatsirizikira m'wilibala momwemo, dzanja lawo lili m'manja mwanga.