Maina Awiri pa Pepala la Inshuwalansi

Ine ndine Tiyamike wa kufupi ndi Chonde, uja amagulitsa nanazi pamsewu wopita ku Limbe. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma pa nkhani za m'dera lathu palibe angandipose. Wathawa mwamuna ndani, wagula sofa ndani, ndimayamba kudziwa ndine. Nkhani iyi yokha ndiyo ndikanakonda ikanakhala ya anthu ena.

Amayi anga ndi amake Abida anali pa chinzake choti anthu ankachita kudabwa nacho. Ife ndife a kutchalitchi, iwo ndi Asilamu, koma akazi awiriwa sankasiyana. Amayi amapikula nanazi ndi nthochi m'midzi n'kukagulitsa ku Limbe. Amake Abida, dzina lawo aAminah, amazungulira m'misika ndi zitenje, lero ku Nkando, mawa ku Chonde. Mwana wawo Abida ndiye anali mnzanga wa pamtima, tinkalukana tsitsi ndi kujeda anthu mpaka dzuwa kupendeka.

Za galimoto anayambitsa ndi akazi awiriwa. Ababa, aHudson, amene anapuma ntchito yoyendetsa lole ya masamba a tiyi ku esiteti, sanazikonde.

"Galimoto ya mabanja awiri ndi ndewu imeneyo," anatero. "Dikirani zaka ziwiri tigule yathuyathu. Apo ayi muzingokwera masiyenta ngati anzanu onse."

"Masiyenta anuwo dengu amaliwerenga ngati munthu," amayi anayankha, "kenako n'kukhalitsa munthu weniweni pamwamba pake. Nanazi zimafika ku Limbe zili juwisi. Nanga yathuyathuyo ine ndimapita kutauni katatu pa sabata, masiku enawo muzigona nkhuku?"

Anagula yogawana, yoyera, yakale ndithu koma injini yake yabwino. Masiku anagawana mosavuta. Lachisanu linali lathu chifukwa iwo amakhala ali ku mzikiti, Lamulungu lawo chifukwa ife tili kutchalitchi, enawo mosinthana. Masiku athu ankayendetsa ababa, masiku awo aFaraji, amuna a amake Abida.

Kenako akazi awiriwa anapita ku Limbe kukadula inshuwalansi. Ine sindinapite, koma anafotokoza kambirimbiri pakhonde pathu mpaka ndinaloweza. Akuti mtsikana wa mu ofesi, zikhadabo zazitali zofiira, anawauza kuti ilipo yotchipa imene imangolipira munthu amene mwamugunda, yanuyo ikaphwanyika mwalira nokha. Ilipo ina yokwana, imene imakonza ndi yanu yomwe. Onse awiri anasankha yokwana, ndipo analembetsa m'dzina la amake Abida chifukwa ndiwo anali ndi mapepala onse m'chikwama. Zikhadabo uja anafunsanso kuti aziyendetsa ndani, aliyense wa laisensi kapena anthu otchulidwa maina. Ya maina inali yotsikirako.

"Titenge ya aliyense, amake Tiya," anatero amake Abida. "Za mawa sizidziwika."

"Iyayi, tilembe aHudson ndi aFaraji basi. Abale anga mukuwadziwa inu. Akamva kuti aliyense, galimoto iyi sitidzaionanso. Akabwera kudzapempha ndizingowaonetsa pepala kuti si ine ndikukana."

Anaseka, n'kumenyana m'manja, maina awiri n'kulembedwa.

Miyezi isanu ndi iwiri zinayenda bwino. Pepala lija amayi ankalitulutsadi, ndipo asuweni ankabwerera akung'ung'udza.

Tsiku lake linali Lachiwiri, mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. A kwa Abida onse anali atapita ku ukwati ku Namwera pa basi chifukwa mafuta ankasowa, galimoto anaisiya kwathu. Ababa anali kumaliro kwawo kutsidya kwa Thuchila, foni yosagwira. Cha m'ma naini anatulukira amalume, aHopewell, thukuta lili kamukamu, kumbuyo kwawo azimayi awiri atagwirizira akazi awo amene matenda a uchembere anawayamba mwezi usanakwane.

"Achemwali, kiyi."

"Achimwene, pepala lija silikulola."

"Pepalalo ndilo libereketse mkazi wanga? Thirakitala ya ku esiteti ndayendetsa zaka naini ine. Kiyi."

Kwathu kuno amalume si munthu woti n'kumuonetsa pepala. Ndiwo eni mbumba. Malo amene tamangapo ndi a kuchikazi, ababa ndi mkamwini chabe, ndipo ukwati wa amayi anaimirira ndi amalume omwewa. Komanso azakhali aja anali atagwada m'matope akubuula. Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kiyi.

"Tiya, tenga beseni ndi zitenje, kwera."

Tinafika bwinobwino ku Mulanje Mission. Amayi anatsala komweko kudikirira matenda, ine ndi amalume n'kubwerera. Pobwerapo amalume anati tidulire m'misewu ya mu esiteti kuti tisunge mafuta. Pamtsetse wina, dothi lofiira lija loterera ngati therere, anaponda buleki mwamphamvu monga amachitira pa thirakitala. Galimoto inangotembenuka yokha. Ndinaona tiyi, ndinaona kumwamba, ndinaonanso tiyi, kenako mtengo wa bulugamu. Kutsogolo konse kunalowa m'kati. Amalume sanavulale olo pang'ono. Ine ndinang'ambika pachipumi. Panalibe munthu wina aliyense, othyola masamba anali kutali kumunda wina.

Mwana anabadwa masana omwewo, wamkazi, wamoyo. Madzulo ake akuluakulu anakhala pansi kwathu, ababa atabwera, amayi atathamangira kunyumba pa kabaza. Anagwirizana kuti kupolisi ndi ku inshuwalansi akanene kuti ankayendetsa ndi ababa. Ababa ankangotembenuza chipewa m'manja.

"Nanga amake Abida?" anafunsa.

"Tiwauza zomwezo," amayi anatero. "Ndine ndinakakamira za maina awiri. Ndikawayang'ana bwanji?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, pakamwa pakopo. Olo Abida. Wamva?"

Amake Abida atabwerako ku Namwera sanayambe n'kukaona galimoto. Anafikira kwa ine. Anandimasula nsalu ya pachipumi, n'kunditsuka bala ndi madzi a mchere, akuuzira pang'onopang'ono kuti lisandiwawe.

"Alihamudulila muli moyo nonse," anatero. "Galimoto ndi chitsulo. Si tinadula yokwana ija? Musadandaule, amake Tiya. AHudson ayendetsa zaka zonsezi, matope sasankha munthu."

Mawa lake anasaina mapepala a ku inshuwalansi ndi dzanja lawo.

Ndinasunga masiku sikisi. Inu simungamvetse, koma kwa ine masiku sikisi ndi ngati chaka. Nkhani yabwino chonchi, yanga yomwe, ine mwini ndinalimo, koma osanena. Abida ankandifunsa kuti ababa anakuwa bwanji, anapemphera kapena anatukwana, ine n'kumangoti mutu ukundipweteka. Nkhani ija inkandikanda kukhosi ngati chitedze.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndili pamalo anga pamsewu, panaima galimoto yabuluu. Anatsika bambo wina wa malaya oyera, wa chilankhulo cha m'tauni, wosadziwika kwathu kuno. Anasankha nanazi zitatu osanenerera n'komwe.

"Nanga pachipumipo, chemwali? Chibwenzi chakumenya?"

"Ine chibwenzi? Ndi ngozi iyi, bambo. Ya galimoto."

"Aa, pepa. Zinatani?"

Ndinaganiza chonchi: amayi anati ndisauze anthu. Koma uyu ndi wodutsa, satidziwa, sadziwa aliyense, nkhani apita nayo ku Blantyre n'kukaiiwala asanafike pa Nkando. Kuuza wodutsa ndinkaona ngati kuuza mtengo. Ndiye ndinamasuka. Ndinafotokoza za azakhali m'matope, za kiyi, za amalume ndi thirakitala yawo, mpaka ndinachita kuwayerekeza mmene anapondera buleki. Bambo uja anaseka kwambiri. Inenso ndinaseka, mtima unapepuka.

Atalowa m'galimoto anatsitsa galasi.

"Tandiuza, chemwali. Kwa aHudson, amene anali dalaivala ku esiteti, ndikhotere pati?"

Ndinaona mapepala pampando wa pambali pake, pamwamba pali chithunzi cha galimoto yathu itakumbatira bulugamu. Mkono wanga unaloza wokha njira.

Kalata inabwera patatha milungu itatu, kwa amake Abida, poti dzina linali lawo. Anafika kwathu Loweruka m'mawa, kalata ili m'manja. Amayi anayala mkeka, iwo anakhala kunsonga kwenikweni.

"Akuti salipira. Akutinso zimene ndinasaina zinali zabodza. Ine, Aminah, andilembera kalata ngati wakuba."

"Amake Abida, ndinkafuna ndikuuzeni."

"Liti? Mukanandiimbira tsiku lomwelo n'kunena kuti mlamu wanu akubereka ndipo dalaivala palibe, ine ndikanati chiyani? Ndikanati musiyeni afere pakhomo? Kiyi ndikanapereka ndekha. Galimoto tikanalira limodzi."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi ndi ine? Ine amene mukadwala ndimakuchapirani?" Mawu awo sanakwere ngakhale pang'ono. "Ndamva kwa munthu wa ku Limbe, amake Tiya. Wa ku Limbe."

Sindinathe kupirira. Ndinatuluka kuseri kwa chitseko kumene ndinkamvetsera, n'kugwada.

"Ndine ndinanena, amake Abida. Sindinkadziwa kuti ndi wa inshuwalansi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, makamaka pachipumi.

"Iwe unanena zoona, mwanangu. Kungoti unauza mlendo wogula nanazi. Ine ndikukutsuka bala unangoti zii."

Anadzuka, n'kukonza mpango wawo, n'kutsanzika bwinobwino ngati mlendo.

Amayi sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Amangondituma zochita, osandiyang'ana kumaso. Amalume anabwera kamodzi ndi nkhuku yopepesera, ndipo mwana uja anamutcha Esteri, dzina la amayi. Galimoto inagulitsidwa kwa makaniko wa ku Luchenza kuti aphwasule zitsulo. AFaraji ndi ababa ndiwo anakambirana zimenezo, akazi sanakhalepo. Abida sanamuletse kucheza nane, koma tsitsi amalukitsa kwa msuweni wake tsopano. Tikakumana kumjigo amandipatsa moni, n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino, basi. Ndili ndi nkhani zambirimbiri zimene zachitika kuyambira Malichi, sindikudziwa woti ndimuuze.

Dzulo m'mawa ndinaperekeza amayi kusiteji ndi madengu a nanazi. Tinapeza amake Abida ali kale pamenepo ndi chimtolo chawo cha zitenje, nawonso akulowera ku Limbe. Anapatsana moni. Inabwera siyenta, wothandizira dalaivala n'kutulutsa mutu.

"Awiri, awiri, Limbe. Amayi awiri inu, malo alipo kumbuyoku, mukhala moyandikana."

Amayi anakweza madengu, n'kulowa, n'kusunthira mkati kusiya malo. Anasuzumira panja.

"Bwerani, amake Abida. Mtolowo tiunyamula pamiyendo tonse."

"Pitani, amake Tiya. Ine ndikwera ina."

"Ina ichedwa. Kukubwera mvula."

"Ndidikira."

Malo aja anakhalapo bambo wina wa thumba la makala. Galimoto itanyamuka ndinaona amayi akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Pasiteji tinatsala awiri, ine ndi amake Abida, ndipo mvula inayambadi kuwaza. Ndinawathandiza kukokera mtolo pansi pa mtengo kuti usanyowe. Anati zikomo, n'kuyang'ana kumene kumachokera magalimoto.