Tsiku Limene Anabweza Maliro a Nagat

Shehata sanali munthu wankhanza. Anali mlimi wa anyezi, wosalankhulalankhula, wosasowa mumzikiti Lachisanu. Koma tsiku limene ambulansi inabwera ndi mtembo wa Nagat, iye ndiye anagwira chipata cha kumanda ndi manja awiri.

Nagat anali namwino, mkazi wa Metwalli, ndipo nyumba yawo inali yogundana ndi ya Shehata. Kwa zaka makumi awiri mayiyo ndiye ankabaya jakisoni mudzi wonse. Korona itavuta anamutumiza kuchipatala cha mumzinda wa Zagazig. Anadwalira komweko, n'kumwalira.

Uthenga wa maliro unafika m'mawa, mphekesera zili pambuyo. Kumalo omwera tiyi ankati matendawo amafuka m'manda ngati nthunzi. Ena ankati amalowa m'ngalande n'kupha ndi njati zoweta zomwe. Pofika masana amuna oposa zana anali atatseka msewu, atapanikizana phewa ndi phewa, akukalipa malovu ali kuthovoka, wovala masiki kulibe ndi mmodzi yemwe.

Metwalli anatsika m'ambulansi. Khamulo sanaliyang'ane. Anayang'ana Shehata yekha.

"Bambo a Hoda, inunso?"

"Pepani achimwene. Tili ndi ana."

"Ana? Hoda wanuyo atabadwa wosapuma, anamuuzira mpweya ndani?"

Shehata anawerama, koma chipata sanachisiye. Wina kumbuyo anakuwa kuti akamukwirire kuchipululu. Msewu unali wopapatiza, kotero ambulansi inabwerera chafutambuyo mtunda wonse mpaka pamlatho, ikulira pii, pii, pii.

Sipanathe sabata ziwiri, amuna a pamsewu aja anayamba kutsokomola. Anayi anamwalira. Kunabwera dokotala wina wamkazi, akuyenda khwalala ndi khwalala ndi chimkuzamawu.

"Abale anga, mtembo wokulungidwa bwino sutsokomola. Amene timapatsirana matendawa ndi ife amoyo. Talikiranani, valani masiki, sambani m'manja ndi sopo."

Shehata anamva mawuwo ali chigonere, thupi lili moto. Anadwala masiku khumi n'kudzuka. Koma atabwerera kumunda, dzuwa lili pamutu, anamva pii, pii, pii kuseri kwa mitengo ya kanjedza. Anataya khasu n'kuthamangira kumsewu. Kunali bulu yekha, akudya udzu. Mawa lakenso anamva. Nthawi zina kulirako kunkamupeza ali pakati pa pemphero la swala, mpaka kuiwala pamene wafika.

"Fathiya, wamva?" Shehata anafunsa mkazi wake.

"Ndamva chiyani? Idyani bambo, mukutha thupi."

Anayamba kuvala masiki ngakhale ali yekha m'munda. M'manja ankasamba mpaka khungu kung'ambika. Akamadutsa pomwera tiyi anthu ankamunena: "Pambukani, adokotala a anyezi akudutsa!" Munthu wachisanu atamwalira, yemwe uja anakuwa za kuchipululu, abale ake anaopa kuyandikira. Shehata anatsegula manda, anathandiza kutsitsa mtembo, n'kubwerera kwawo. Ankayesa kuti mwina tsopano mtima wake ukhala pansi. Ayi ndithu.

Nyumba ya Metwalli inali chitsekere. Tsiku lina Shehata anagogoda, n'kubwerera mapazi atatu.

"Achimwene, ndine. Munakamuika kuti?"

Mawu a Metwalli anatulukira pakhomo lotsekalo.

"Mukufuna mukamuthamangitsenso kumeneko?"

"Ndikufuna ndikapepese."

"Manda a boma, kuseri kwa fakitale ya njerwa. Mzere wakumapeto. Pitani nokha. Ine sindingakukhululukireni m'malo mwake."

Shehata anakwera minibasi m'mamawa, anakhala pawindo. Kumandako kunalibe mtengo ngakhale umodzi, fumbi lokhalokha ndi utsi wa njerwa. Mlonda wake, nkhalamba ya diso limodzi, anamufunsa ngati ndi mbale wa malemuyo.

"Ndine mnansi wake."

"Mnansi kubwera lero? Ndiye ndinu munthu wabwino. Ambiri ali munowa, ngakhale ana awo sabwera."

Mlondayo anamuperekeza kumzere wakumapeto. Mayina anali atalembedwa ndi choko pa timatabwa, ndipo mphepo ndi dzuwa zinali zitafufuta onse.

"Masiku amenewo timaika anthu ambiri," anatero mlonda. "Ali pamenepa ndithu, koma pati, adziwa ndi Mulungu."

Manda a mumzerewo anali khumi ndi asanu ndi awiri. Shehata anavula nsapato, anaima pa oyamba, anatambasula manja n'kuchita duwa, kupempherera malemuyo. Atamaliza anati, "Mayi Nagat, ndine Shehata, ndinalakwa." Anasunthira pa achiwiri n'kunenanso zomwezo. Mlonda anamuyang'ana kanthawi, kenako anapita kukakhala pamthunzi wa khoma. Pamene Shehata ankafika pa omaliza mawu anali atasasa, ndipo mapazi ake anali atatuluka matuza ndi kutentha kwa mchenga.