Mboni Imene Tinaibisa ku Tanauan

Idong Macatangay, mwana wa mchimwene wanga, ankafuna kuyendetsa ndege za asilikali. Kuno ku Lipa, tauni ya kumwera kwa Manila komwe kuli sukulu ya ndege za asilikali, zimenezo si zachilendo, chifukwa ndege za ophunzira zimatidutsa pamutu tsiku lonse moti nkhuku zinasiya kale kuziopa. Mwana aliyense amalakalaka zomwezo ali ku pulayimale. Kusiyana kwake n'kwakuti Idong ankazinenabe ali ndi zaka 26, digiri ili m'manja, mayeso olemba atakhoza, madokotala atamuyeza maso, mano ndi kwina konse n'kupeza kuti ali bwinobwino. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza, poti chotsatiracho akanakhala atapyola zaka zimene amalola.

Chinatsala chinali kufufuza mbiri yake basi, ndipo vuto linali pamenepo.

Zaka zisanu m'mbuyomo, pa tsiku la chikondwerero cha woyera wa dera lathu, masanasana, Idong anamwa lambanog, kachasu wathu wa kokonati, n'kukwera njinga yamoto ya bambo ake ya matayala atatu. Sanapite patali. Anakalowa pa benchi ya a Turing, mayi wamasiye wogulitsa khofi ndi makeke a mpunga moyang'anizana ndi ofesi yathu, n'kuwathyola mwendo pawiri. Apolisi anabwera, nkhani inafika kukhoti, laisensi anamulanda kwa chaka. Akuluakulu a banja tinapita kukapepesa monga timachitira, titanyamula nkhuku ndi zipatso, Idong mwini wake atatsala kunyumba mutu uli pansi. Kuchokera tsiku limenelo sanalawenso ndi dontho lomwe.

Ine ndine Luming, mlembi wa ofesi ya dera. Chilichonse chochitika kuno, kaya galu waluma munthu, kaya wina wabweza poto wa eni ake ali wobooka, ndimachilemba m'buku lalikulu la madandaulo. Nkhani ya Idong ndinailemba ndekha pa tsamba 114.

Itamveka mbiri yoti wofufuza abwera Lachitatu kudzafunsa anansi, anthu anasonkhana pa bwalo la basiketibo popanda wowaitana. Kuno munthu wakwanu sumuchititsa manyazi pamaso pa mlendo. Mutha kutukwanizana chaka chathunthu chifukwa cha nthambi ya mango, koma mlendo akafunsa, mnansi wako ndi mngelo.

Woyamba kuyankhula anali a Berting, ometa tsitsi, amenenso ali ndi jipi yonyamula anthu.

"Nkhani ndi yosavuta iyi. Akafunsa, mwana ameneyu mowa saudziwa ndi fungo lomwe."

"Nanga mwendo wa a Turing?" wina anafunsa.

"Anaterereka m'bafa."

"Nanga a Turing eni akewo akafunsidwa?"

A Turing si munthu woti n'kumuuza chonena. Pomaliza tinagwirizana zowauza kuti mdzukulu wawo ku Tanauan, tauni yoyandikana nafe, wagwidwa ndi malungo ndipo akulira agogo. Lachiwiri masana a Berting anawakweza m'jipi, pampando wakutsogolo, kwaulere.

Ine ndinachita mbali yanga. Ndinabwereka lezala kwa a Berting omwewo, ndinatseka chitseko cha ofesi, n'kudula tsamba 114 mwaukhondo moti ndinadziyamikira ndekha. Idong anali ku Manila kokayezetsa makutu, ndipo atabwera palibe anamuuza kanthu. Tinkamuthandiza, ndiye sitinaone chifukwa chomusokoneza ndi mafunso.

Wofufuzayo anafika 9 koloko m'mawa. Anali Sajeni Quiambao, bambo wamfupi wovala zovala wamba, ngakhale kametedwe kake kanamuulula kuti ndi msilikali asanatsike n'komwe m'basi. Nyumba iliyonse imene analowa anapatsidwa khofi wathu wowawa uja, ndipo anamwa makapu asanu ndi awiri osasintha nkhope. Cha m'ma 11 anafika ku ofesi kwanga, n'kutumiza uthenga kuti Idong abwere. Anthu anaunjikana pa zenera ngati kukugawidwa mpunga.

"Ndafunsa anthu khumi ndi mmodzi," anatero sajeniyo atakhala pansi, akuyang'ana Idong. "Onse akuti inu, a Macatangay, simunamwepo chibadwire. Mmodzi akuti mumachita nseru mukangoona botolo, ngakhale la viniga."

A Berting anagwedeza mutu pa zenerapo monyadira.

Sajeniyo anatsegula chikwama n'kutulutsa mapepala awiri. Loyamba linali lochokera kukhoti, la chidindo chofiira. Lachiwiri linali fomu imene Idong analemba yekha popempha malo. Pa funso loti kodi munapezekapo ndi mlandu, anali atalemba kuti inde, n'kufotokoza zonse, tsiku, mowa wake, ndi dzina la a Turing. Mizere itamuthera anapitiriza kuseri kwa pepala.

"Ndiye pali amene akunama," anatero sajeniyo. "Kaya ndi inu, kaya ndi dera lonse."

Idong anatembenuka n'kundiyang'ana. "Azakhali?"

Ine ndinayang'ana kalendala.

"Ndikuuzeni chimene ndabwerera, mwina simunamve bwino," sajeniyo anapitiriza, mawu ake ali pansipansi. "Mlanduwu tikuudziwa kale. Wa zaka zisanu ngati uwu komiti itha kuukhululuka, bola pakhale umboni woti munthuyo anasintha. Ndimafuna anthu atatu okha oti andiuze kuti ankamwa, anapalamula, anasiya. Koma munthu amene sanamwepo sangasiye mowa. Ndilembe chiyani tsopano? Mayi, tandibwerekani buku lanu."

Ndinamupatsa. Anatsegula pang'onopang'ono, akunyowetsa chala.

"113," anawerenga. "115. Buku lanu limadumpha."

Mantha ngati amenewo sindinawamvepo. Ndikanatha kunena kuti ndi chiswe, ndipo anthu khumi ndi mmodzi akanalumbira kuti chiswecho anachiona ndi maso awo. Koma Idong anali akundiyang'anabe.

"Ndadula ndine, bwana. Mwanayu sakudziwapo kanthu."

"Ndilemba kuti mwatero," anayankha, n'kulembadi. "Nanga mayi amene anavulalawo ali kuti?"

"Ali ku Tanauan. Mdzukulu wawo wadwala."

"Wadwaladi?"

"Ayi, bwana."

"Basi yanga ndi ya 4 koloko."

Sindinaonepo a Berting akuthamanga monga anathamangira pokatenga a Turing. Jipi inabwerera 2 koloko itangokwana, ndipo a Turing anatsika ndi ndodo yawo atakwiya kale, poti mdzukuluyo anakamupeza akudumpha chingwe. Analowa mu ofesi, anakana mpando umene ndinawapatsa, n'kukhala pa wanga.

"Mayi, mukumudziwa mnyamatayu?" sajeniyo anafunsa.

"Mwendo wanga umamudziwa. Mvula ikamabwera umamutchula dzina."

"Anali ataledzera?"

"Anali chidakwa chotheratu. Amene wakuuzani zina ndi wabodza, ndipo ena mwa iwo anali naye pa botolo lomwelo. Berting, usabisale, ndikukuona."

"Masiku ano amamwa?"

"Samwa."

"Mukudziwa bwanji?"

"Chifukwa ndakhala ndikumulonda zaka zisanu kuti ndimugwire, bwana. Benchi yanga imaona msewu wonse. Pa maliro ndimakhala moyang'anana naye, pa ukwati chimodzimodzi. Chaka chatha pa chikondwerero ndinatuma munthu kukamupatsa kapu yodzaza kuti ndione. Inabwerako yodzaza. Zinandinyansa kwambiri."

Cholembera cha sajeniyo chinayenda mofulumira koyamba tsiku limenelo, ndipo mtima wanga unayamba kubwerera m'malo.

"Mukuona kuti angayendetse ndege?"

"Ayendetse. Kumwambako kulibe mabenchi."

"Funso lomaliza. Anakupepesani?"

A Turing anayamba apukuta pakamwa ndi mpango. "Bambo ake anapepesa. Azakhali akewa anapepesa. Nkhuku nayo inabwera, ndinadya. Koma uyu akafika pa benchi yanga amawolokera tsidya lina la msewu. Zaka zisanu, ngakhale kudzagula khofi."

Idong anaimirira, nkhope itagwa. Anayandikira n'kuwerama kuti atenge dzanja lawo aliike pamphumi pake, monga achitira mwana kwa wamkulu. A Turing anabisa dzanjalo m'khwapa.

"Iyayi, mwana iwe. Izo ukupepesa sajeni. Udzabwere kalata yako ikadzafika, kaya akutenga kaya akukana. Pamenepo ndidzadziwa kuti wabwerera ine."

Sajeniyo anatseka chikwama. Pa khomo ndinamutsatira n'kumugwira mkono, chinthu chimene mlembi sachita.

"Bwana, mboni imodziyi siyokwanira?"

"Mboni imodziyi ndi yabwino kuposa zitatu zimene ndimafuna," anatero. "Chondivuta ndi tsamba lanu lija, mayi. Koma woweruza si ine."

Kalata inabwera patatha milungu isanu ndi umodzi. Makalata a m'dera amafikira ku ofesi, choncho ndinamuitana Idong n'kumupatsa ndekha. Anaitsegula ataimirira, n'kuiwerenga mokweza kamodzi kokha. Za mowa munalibe ndi liwu limodzi lomwe. Munangolembedwa kuti komiti yalephera kutsimikiza kuti wopemphayo sanatenge nawo mbali pa kusokoneza zolembedwa za m'dera lake, ndipo pempho lake lakanidwa.

Ndinadikira kuti anditukwane. Ndinkafuna anditukwane, aswe kapu, anene kuti ndamuphera tsogolo, chifukwa zinali zoona. Iye anangopinda kalatayo kanayi n'kuiika m'thumba la shati.

"Zikomo pondisungira, azakhali," anatero.

Anatuluka n'kuwoloka msewu molunjika pa benchi ya a Turing. Ine ndinaima pa zenera. Msewu wathu ndi wopapatiza, ndiye ndinamva zonse. A Turing anayamba amaliza kupatsa kasitomala khofi, anapukuta thebulo, kenako anamuyang'ana.

"Akutenga?"

"Ayi, mayi. Andikana."

"Chaka chamawa?"

"Zaka zapyola."

"Ndiye ukufuna chiyani pano?"

"Ndinaledzera, ndinakuthyolani mwendo. Ndinkachita manyazi kubwera. Pepani, mayi."

Anamusiya chiimire nthawi yaitali ndithu. Kenako anatambasula dzanja, iye analigwira n'kuliika pamphumi, ndipo sanalisiye msanga. Mapewa ake ankagwedezeka. A Turing anamukokera pa benchi, anamuthirira khofi, n'kumukankhira keke ya mpunga.

Atatero anadzutsa mutu n'kuyang'ana pa zenera langa. Sanakweze mawu kwambiri, koma ngakhale a Berting anazimitsa makina ometera kuti amve.

"Uyu wabwera yekha, ndipo ndi amene mwamulanda ndege. Enanu muli ndi miyendo iwiri yabwinobwino, a Luming."

Idong sanatembenuke. Ine ndinaima pomwepo nditagwira zitsulo za zenera, ndipo msewu wopapatizawo ndinalephera kuuwoloka.