Mtedza wa Apongozi

Kuntchito ankamutchula Kadzidzi, chifukwa ankatandala tsiku lonse m'kachipinda kotchinga mawindo. Ntchito yake inali yopima zakudya zisanapite kumashopu. Ankapera mtedza kapena chimanga, kuviika m'mankhwala, kusefa, kenako n'kuika madziwo m'kabotolo pansi pa nyali yapadera. Mukakhala poizoni wa chuku, madziwo amawala buluu, ndipo makina amanena kuchuluka kwake. Ndi maso okha sungaone kanthu. Mtedzawo umaoneka bwinobwino, kukoma umakomanso.

Tsono apongozi ake, mayi a mwamuna wake, anali munthu wopatsa. Anatumiza thumba la mtedza wakumunda kwawo kuti mdzukulu azidyera m'phala. Kadzidzi, poti ntchito inamulowa m'magazi, anatapako pang'ono n'kupita nawo kukapima. Kabotolo kanawala moti iye anazimitsa nyali n'kuyatsanso, poganiza kuti makina apenga. Sanapenge ayi.

Thumba lonse anakalitaya kudzala la kuntchito, koma pakamwa anatseka. Munthu ungayambire pati kuuza apongozi kuti chakudya chawo n'chodwalitsa? Sangachedwe kunena kuti sukulu yakukwera m'mutu. Mwamuna wake nayenso, amene amalusa ndi aliyense kupatula mayi ake, anangoti, "Zisiye, bola wathuyu sakudya."

Ndiye apongozi akaimba foni kufunsa za phala, Kadzidzi ankayankha mosazengereza: "Akudya, amayi, mpaka kunyambita mbale." Bodzali linkamutentha mumtima, koma ankalibwerezabe, chifukwa linali lofewa kutchula kuposa choonadi.

Nyengo yokolola itapita kale, iye anapita kukawaona. Anawapeza pakhonde akudyetsa phala kamtsikana ka mlamu wake, kamene kankakhala nawo chifukwa mayi ake ankagwira ntchito kutali. Kamwanako kanabadwa wa Kadzidzi asanabadwe, koma kanali kochepa thupi, timanja towonda, maso akulu. Phalalo linali lothimbirira ndi mtedza.

"Uyu ndiye sakukula," anadandaula apongozi. "Chikhalirecho mtedza ndikum'patsa tsiku ndi tsiku, ngati mmene mukuchitira inu kwanuko. Kapena ndiziwonjezera?"

Kadzidzi anafunsa kuti, "Ndi mtedza womwe uja, amayi?"

"Ayi, mwanangu," anaseka apongozi. "Wanu uja ndinachita kusankha umodziumodzi, wabwino wokhawokha. Anthu a makina ngati inu ndingakupatseni zinyalala? Wofota ndi wakuda ndi umene unatsala kuno, tikudya ifeyo."

Manyazi anamugwira mpaka kumapazi. Miyezi yonseyi iye ankagona tulo tabwino poti mwana wake watetezeka, za mwana winayu osaziganizako n'kamodzi komwe. Supuni inanyamuka, kamtsikana kanayasamula, ndipo Kadzidzi anagwira mkono wa apongozi ake, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire.

"Musam'patse, amayi. Mtedzawu uli ndi poizoni wa chuku. Ndinaupima kuntchito. Umawononga chiwindi, ndipo mwana sakula bwino."

Apongozi sanakalipe. Anaika supuni m'mbale, n'kupukuta kukamwa kwa mwanayo ndi chala.

"Munaupima liti?"

"Mutangotumiza kumene."

"Ndiye mdzukulu wanga uja sanadyeko?"

"Sanadye, amayi."

Apongozi anasisita mutu wa kamtsikanako, kamene kanali kakukokabe mbale kufuna phala lake. Kenako anafunsa motsitsa mawu, osamuyang'ana n'komwe.

"Nanga uyuyu si mwana wanu?"